Sikirini ikasokonekera kompyuta ikangodzuka: gwero la vutoli ndi njira zolithetsera

Pali vuto lina la kompyuta lomwe limawonongetsa anthu ndalama pa chipangizo chomwe chilibe chilema. Munthu watseka laputopu popita ku nkhomaliro, ntchito ili pakati. Pobwerako n'kuitsegula, sikirini yada bii, chonsecho kanyali ka batani loyatsira kakuwala ndipo fani ikumveka kuzungulira. Nthawi zina chithunzi chimabwera ndithu, koma chikuphethira, chadzaza mizere yobiriwira, zilembo zaphwanyika kapena zonse zakula modabwitsa. Akaizimitsa n'kuiyatsanso, zonse zimabwerera m'chimake, mpaka tsiku lomwe idzagonenso.

Ambiri akaona izi amathamangira kwa okonza makompyuta poganiza kuti sikirini yafa. Koma vuto lomwe limabwera kompyuta ikangodzuka, n'kutha ikayatsidwanso, kawirikawiri siligona pa galasi la sikirini. Gwero lake limakhala pulogalamu yotchedwa driver wa zithunzi, ndipo kukonza kwake nthawi zambiri sikufuna kugula kanthu.

Driver ndi chiyani

Chilichonse chooneka pa sikirini chimajambulidwa ndi kachipangizo kotchedwa GPU. Makampani atatu ndiwo amapanga ma GPU ambiri a makompyuta a Windows: Intel, AMD ndi Nvidia. Mu malaputopu ambiri a mu ofesi, GPU imakhala mkati mwa purosesa momwemo, pomwe makompyuta ojambulira mapulani, okonzera mavidiyo ndi a masewero amakhala ndi GPU yapadera yokhala ndi memori yakeyake.

Windows siyankhula ndi GPU mwachindunji. Pakati pawo pamaima driver, yemwe ntchito yake ili ngati ya womasulira: amalandira zofuna za Windows ndi mapulogalamu ena n'kuzisandutsa malamulo omwe GPU ya mtundu umenewo imamva. Driver yemweyo ndiye amauza GPU nthawi yochepetsa magetsi, yozima ndi yodzuka. Womasulirayu akaphonya, GPU imajambula zolakwika kapena osajambula n'komwe, ngakhale zipangizo zonse zili zabwinobwino.

Zomwe zimachitika kompyuta ikagona

Kagonedwe ka makompyuta kamatsata ndondomeko yotchedwa ACPI, yomwe makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba adatulutsa mu 1996. Ndondomekoyi idagawa magawo angapo. S0 ndi kompyuta yomwe ili maso, ndipo S5 ndi yozimiratu. Pakati pake pali S3, yomwe pa Windows imatchedwa Sleep: magetsi amadulidwa ku zipangizo zambiri kupatula memori ya RAM, momwe ntchito yonse yotsegula imasungidwa. Palinso S4, yotchedwa Hibernate, pomwe zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki mu fayilo ya hiberfil.sys, kenako kompyuta n'kuzima. Malaputopu ambiri atsopano sagwiritsanso ntchito S3. Ali ndi kagonedwe kena kotchedwa Modern Standby, komwe sikirini imazima koma kompyuta imakhalabe maso pang'ono, monga imachitira foni. Wofuna kudziwa kagonedwe ka kompyuta yake atsegule Command Prompt n'kulemba powercfg /a.

Kudzuka ndiye ntchito yovuta kuposa kugona. M'kanthawi kochepa, driver amayenera kudzutsa GPU, kubwezera mu memori yake zomwe zidalimo, kufunsa sikirini kukula kwa chithunzi chomwe imalandira, kugwirizana nayo liwiro lotumizira chithunzicho, kenako kuyatsa nyali ya kumbuyo kwa galasi. Chimodzi mwa zimenezi chikalephereka kapena chikachedwa, zotsatira zake zimaoneka. Memori ikabwezeredwa molakwika, pamabwera mizere ndi timabokosi ta mitundumitundu. Sikirini ikachedwa kuyankha, zinthu zimakula kapena mawindo amasamuka malo. Nyali ikapanda kuyaka, pamangokhala mdima.

Malaputopu okhala ndi ma GPU awiri, ya Intel kapena AMD ya ntchito zopepuka ndi ya Nvidia ya ntchito zolemera, ali ndi mpata wina wa vutoli, chifukwa madriver awiri a makampani osiyana amayenera kudzuka mogwirizana.

Choyamba n'kupulumutsa ntchito

Sikirini ikada, dzanja limathamangira ku batani loyatsira. Kulidina kwa nthawi yaitali kumazimitsadi kompyuta, koma chilichonse chomwe sichidasungidwe chimapita. Microsoft Word imasunga yokha kope lopulumutsira mphindi 10 zilizonse ngati mwini sadasinthe, ndipo mapulogalamu ena sasunga n'komwe. Choncho batani limeneli likhale lomaliza.

Mwini kompyuta ayambe wadikira theka la mphindi, kenako adine Caps Lock. Kanyali kake kakamayaka ndi kuzima, ndiye kuti kompyuta ili moyo, changosowa ndi chithunzi. Ayesenso batani lowonjezera kuwala, poti nthawi zina kuwalako kumangotsikira pansi penipeni.

Zikakanika, adine pamodzi mabatani anayi awa: Windows, Ctrl, Shift ndi B. Pa Windows 10 ndi Windows 11, mabataniwa amauza Windows kuti idzutsenso gawo lake la zithunzi popanda kutseka pulogalamu iliyonse. Pamamveka kaphokoso kamodzi, sikirini n'kuphethira, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimabwerera ntchito yonse ili momwe idalili.

Njira ina ndi kudina Windows ndi P, kenako P kachiwiri, n'kumaliza ndi Enter. Izi zimathandiza pomwe Windows ikutumiza chithunzi ku sikirini yachiwiri kapena projekita yomwe idachotsedwa kompyuta ili m'tulo. Kudina Ctrl, Alt ndi Delete, kapena kutseka laputopu n'kuitsegulanso pakapita masekondi angapo, kumapatsanso driver mwayi wina wodzuka bwino. Ngati pafupi pali TV ndi chingwe cha HDMI, kulumikiza kompyutayo kungaonetse chithunzi chokwanira kuti munthu asunge ntchito yake. Zonsezi zikalephereka ndi pomwe angadine batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 10.

Kusiyanitsa vuto la pulogalamu ndi la chipangizo

Asanakhudze driver, mwini kompyuta ayenera kutsimikiza kuti wolakwa ndi driveryo. Pali njira zinayi zosalira ndalama.

Yoyamba ndi kuona nthawi yomwe vuto limabwera. Ngati mizere ikuoneka kompyuta ikangoyaka, pa chizindikiro cha kampani monga HP, Dell kapena Lenovo, Windows isanayambe, driver alibe mlandu chifukwa pa nthawiyo amakhala asanayambe ntchito. Pamenepo vuto lili pa chipangizo.

Yachiwiri ndi kujambula sikirini vutolo likuchitika, podina Windows ndi Print Screen. Chithunzicho chimasungidwa mu foda ya Screenshots mkati mwa Pictures. Akachitsegula pa foni kapena pa kompyuta ina n'kupeza mizere ija ilimo, ndiye kuti idajambulidwa ndi GPU kapena driver. Chikakhala choyera, kawirikawiri vuto limakhala pa chingwe kapena pa galasi.

Yachitatu ndi kulumikiza sikirini ina kapena TV. Mizere ikaoneka mbali zonse ziwiri, galasi la laputopu lilibe vuto. Ikaoneka pa laputopu pokha, makamaka ngati ikusintha munthu akamaweramitsa kapena kudzutsa chivundikiro, wokayikitsa ndi kachingwe kopyapyala komwe kamadutsa m'mahinjesi, komwe kamatha kuperepeseka chifukwa chotsegula ndi kutseka.

Yachinayi ndi ya tochi. Sikirini ikada, aunike pafupi ndi galasi ndi tochi ya foni. Akaona chithunzi chozimiririka, ndiye kuti GPU ikujambula koma nyali ya kumbuyo siidayake. Nyaliyo ikamayaka kompyuta ikayatsidwanso, ndiye kuti ndi yamoyo, ndipo amene akulephera kuiyatsa podzuka ndi driver.

Zomwe Windows imalemba

Kuyambira pa Windows Vista, yomwe idafika kwa anthu mu 2007, Windows ili ndi mlonda wa GPU wotchedwa TDR. GPU ikakhala masekondi awiri osayankha, mlondayu amaidzutsanso pamodzi ndi driver wake. Sikirini imada kwa kanthawi, ndipo nthawi zina pamabwera uthenga woti driver adasiya kuyankha koma wachira. Izi zikachitika kangapo m'mphindi imodzi, kapena kudzutsako kukalephereka, kompyuta imaima n'kuonetsa uthenga wa vuto, monga VIDEO_TDR_FAILURE.

Zochitikazi zimalembedwa. Mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs ndi System, uthenga wochokera ku Display wokhala ndi nambala 4101 umatanthauza kuti driver wa zithunzi adagwa n'kudzutsidwa. Dzina lomwe latchulidwa limaulula mwini wake: nvlddmkm ndi wa Nvidia, loyamba ndi igdkmd ndi wa Intel, pomwe loyamba ndi amdkm kapena atikm ndi wa AMD. Nthawi ya uthengawo ikafanana ndi nthawi yomwe kompyuta idadzuka, umboni wakwana.

Chida china chosavuta kuwerenga ndi Reliability Monitor, yomwe imatseguka munthu akadina Windows ndi R n'kulemba perfmon /rel. Imaonetsa tsiku ndi tsiku zomwe zidagwa komanso zomwe zidaikidwa. Apa munthu angaone ngati vutolo lidayamba tsiku lomwe driver watsopano adalowa.

Kubwerera kwa driver wakale kapena kuika watsopano

Funso lotsogolera ndi limodzi: vutoli lidayamba liti? Ngati kompyuta inkadzuka bwino mpaka masabata apitawa, n'kutheka kuti Windows Update idaika driver watsopano yemwe sakugwirizana nayo. Mndandanda wa madriver omwe adaikidwa umapezeka mu Settings, pa Windows Update, pansi pa Update history.

Zikatero, mankhwala ndi kubwerera kwa wakale. Mwini kompyuta adine batani la kumanja la mawusi pa Start, asankhe Device Manager, atsegule Display adapters, adine kawiri dzina la GPU yake, apite pa Driver n'kusankha Roll Back Driver. Batanili likakhala lotuwa losadinika, ndiye kuti Windows siidasunge driver wakale, ndipo ayenera kumutenga pa webusaiti ya kampani. Akamaliza, ndi bwino kuimitsa kaye Windows Update, zomwe zimatheka mpaka masabata asanu, kuti driver wovuta uja asabwererenso tsiku lomwelo.

Ngati vutoli ndi lakalekale, aone dzina lomwe lili pansi pa Display adapters. Likakhala Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti kompyutayo ilibe driver wake weniweni, ikuyendera wongogwirizira wa Windows. Izi zimapezeka kawirikawiri pa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe ogulitsa amaikamo Windows yatsopano n'kuiwala madriver. Zizindikiro zake ndi kuwala kosasinthika, zilembo zazikulu, ndipo nthawi zina Sleep sapezeka n'komwe.

Kwa laputopu, malo oyamba kufunako driver ndi webusaiti ya kampani yomwe idapanga laputopuyo, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa kunsi kwake. Chifukwa chake n'chakuti makampaniwa amayesa driver pa mtundu umenewo wa laputopu, kuphatikizapo kagonedwe ndi kadzukidwe kake. Wa kumeneko akakhala wakale kwambiri kapena akalephera, ndi pomwe munthu angapite kwa Intel, AMD kapena Nvidia. Pa laputopu ya ma GPU awiri, madriver onse awiri asinthidwe, kuyambira wa GPU ya mkati mwa purosesa.

Madriver a masiku ano ndi aakulu, ena amaposa 500MB, choncho wogula bandulo ya intaneti awerengeretu, ndipo asunge fayiloyo pa fulashi kuti asadzaigulirenso bandulo. Apewe mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kukonza madriver onse nthawi imodzi. Ambiri amaika driver wolakwika, ena amabwera ndi zotsatsa malonda kapena mavairasi.

Nthawi zina driver watsopano amatengera vuto kwa wakale chifukwa cha zotsalira zake. Pulogalamu yoikira driver wa Nvidia ili ndi kabokosi ka Perform a clean installation, ya AMD ili ndi Factory Reset. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Display Driver Uninstaller, yomwe amisiri amagwiritsa ntchito mu Safe Mode pochotseratu driver yense. Mu Safe Mode amalowamo pogwira Shift uku akusankha Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 4. Asanayambe zimenezi, mwini kompyuta akhale atatsitsa kale driver woti aike, atakopera mafayilo ofunika kwina, komanso atalemba papepala kiyi ya BitLocker ngati disiki yake ndi yokhomedwa, chifukwa Windows ingaifunse. Kompyuta ikakhala ya kuntchito, ntchitoyi aisiyire a ofesi yoona za makompyuta.

Kuzimitsa komwe si kuzimitsa

Anthu ambiri amadabwa kuona vutoli likubwera ngakhale m'mawa, kompyuta itagona yozimitsidwa usiku wonse. Chifukwa chake ndi Fast Startup, yomwe idayamba ndi Windows 8 mu 2012. Ikakhala yoyatsa, kusankha Shut down sikuzimitsa kwathunthu. Windows imatseka mapulogalamu, koma phata lake pamodzi ndi madriver imazisunga pa disiki, n'kudzazidzutsa mawa lake momwe zidalili. Driver yemwe adagona atasokonekera amadzukanso wosokonekera. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano, n'chifukwa chake amathetsa mavuto omwe Shut down walephera. Kugwira Shift posankha Shut down kumazimitsanso kwathunthu.

Wofuna kuchotsa Fast Startup apite ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, adine Change settings that are currently unavailable, n'kuchotsa chizindikiro pa Turn on fast startup. Kompyuta imachedwerapo pang'ono poyaka, koma pa yomwe ili ndi disiki ya SSD kusiyana kwake n'kochepa.

Mu Power Options momwemo, pansi pa Change advanced power settings, makompyuta ambiri ali ndi PCI Express ndi Link State Power Management. Imeneyi imagonetsa njira yolumikiza GPU yapadera pofuna kusunga batire. Kuiika pa Off kumathetsa vuto pa makompyuta ena, ngakhale batire imatha msanga pang'ono.

Ngati chosokonekera ndi pulogalamu imodzi yokha, monga Chrome kapena Edge, vuto lingathe pozimitsa graphics acceleration mu Settings, pansi pa System. Apa pulogalamuyo imasiya kudalira GPU pojambula masamba.

Mfundo yofunika pa zonsezi ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kugonetsa kompyuta, kuidzutsa, n'kuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa chomwe chathandiza, ndipo vuto likadzabweranso amayambira pachiyambi.

Sikirini ya padera

Pa kompyuta ya pa desiki, kapena laputopu yolumikizidwa ku sikirini yachiwiri, vuto limatha kukhala pa kumvana kwa ziwirizi. Masikirini ena, makamaka a chingwe cha DisplayPort, akagona tulo tofa nato amaoneka kwa Windows ngati achotsedwa, ndipo mawindo onse amasamukira ku sikirini inayo. Windows 11 ili ndi kabokosi ka Remember window locations based on monitor connection mu Settings, System, Display, komwe kamabwezera mawindo m'malo mwake. Kuzimitsa sikiriniyo n'kuiyatsa, kuzula chingwe n'kuchibwezera, kapena kuyesa chingwe china, ndi zoyenera kuchita munthu asanakhudze driver. Timaadaputala totchipa tosinthira HDMI kupita ku VGA timabweretsanso vuto lomweli.

Ogwiritsa ntchito Linux

Pa Linux, vutoli limadziwika kwambiri pa makompyuta a driver wa Nvidia, yemwe akapanda kuuzidwa sasunga zonse za mu memori ya GPU pogona. Kampaniyo idaika njira yotchedwa NVreg_PreserveVideoMemoryAllocations, yomwe imagwira ntchito pamodzi ndi nvidia-suspend ndi nvidia-resume posunga ndi kubwezera memoriyo. Sikirini ikada, kudina Ctrl, Alt ndi F3 kumatsegula malo olembamo malamulo, ndipo lamulo la journalctl -b limaonetsa zomwe zidachitika podzuka.

Driver woyenera akasowa

Makompyuta akale amafika poti kampani idasiya kuwatulutsira madriver. Microsoft nayo idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa omwe adalembetsa ndondomeko yowonjezera ya zachitetezo. Ena amakakamiza Windows 11 pa makompyuta omwe sadapangidwire imeneyo, ndipo driver wakale amayenda bwino pa zonse kupatula podzuka.

Zikatere, nzeru ndi kulambalala vutolo. Mu Power Options, pa Choose what closing the lid does, mwini laputopu angasankhe Hibernate m'malo mwa Sleep. Pa makompyuta ambiri izi zimathandiza, chifukwa podzuka ku Hibernate zipangizo zimayaka ngati kompyuta idali yozima. Hibernate ili ndi ubwino winanso kumadera komwe magetsi amazimazima: kompyuta ya pa desiki yomwe ili pa Sleep ikhoza kutaya ntchito yosasungidwa magetsi akathima, monganso laputopu ya batire yakufa, pomwe ya pa Hibernate imakhala italemba kale zonse pa disiki.

Kampani yopanga kompyuta imatulutsanso nthawi zina BIOS yatsopano yokonza mavuto a kagonedwe. Koma kuika BIOS kumafuna magetsi odalirika ndi batire yodzaza, chifukwa kukadukira pakati kompyuta ikhoza kukana kuyakanso.

Nthawi yopita kwa mmisiri

Pali zizindikiro zomwe driver sangathetse. Mizere yooneka Windows isanayambe, chithunzi chosintha chivundikiro chikagwedezeka, banga lakuda kapena mng'alu pa galasi, nyali yosayaka ngakhale kompyuta iyatsidwenso, ndi mizere yomwe imachuluka kompyuta ikatentha, zonsezi zimafuna mmisiri. Kutentha kumayamba kawirikawiri ndi fumbi lotseka potulukira mpweya, ndipo kupukuta fani n'kotchipa kuposa kugula GPU kapena bolodi yatsopano.

Popita kumeneko, mwini kompyuta atenge chithunzi cha vutolo chojambulidwa pa foni, dzina la GPU, nambala ya driver yomwe imaoneka mu Device Manager, ndi mndandanda wa zomwe wayesa kale. Akauzidwa kuti pakufunika sikirini yatsopano, apemphe kuti kompyutayo ilumikizidwe kaye ku sikirini ina iye akuona, igonetsedwe, idzutsidwe. Mizere ikaonekanso pa sikirini inayo, galasi latsopano silithetsa kanthu, ndipo ndalamayo isatuluke m'thumba.